Gemu: Dzina la Masewera a Pamakina, Kumene Linachokera ndi Mmene Anthu Amaligwiritsira Ntchito

Liwu lakuti gemu, pochulukitsa magemu, linalowa m'Chichewa kuchokera ku liwu la Chingerezi lakuti game, limene limatanthauza masewera okhala ndi malamulo ake, opambana ndi ogonja. Masiku ano mwana akati, "Amayi, ndibwerekeniko foni ndisewere gemu," palibe amene amafunsa kuti akutanthauza chiyani. Akunena masewera amene amaoneka pagalasi la foni, la kompyuta kapena la wailesi ya kanema, ndipo amayendetsedwa ndi zala za wosewerayo. Pa Chingerezi masewera a mtundu umenewu ali ndi mayina angapo. Lofala kwambiri ndi video game, koma palinso computer game ndi electronic game. Mayina atatuwa safanana ndendende, ndipo lililonse lili ndi mbiri yake.

Chimene chimasiyanitsa gemu ndi masewera ena si magetsi okha. Bawo ingathandize kumvetsa. Pa bawo pamakhala anthu awiri, thabwa la maenje 32 ndi nkhomo 64. Thabwalo silidziwa kanthu. Malamulo ali m'mitu ya osewerawo ndi ya anthu amene aunjikana kudzaonerera, moti wina akadumpha dzenje kapena kubisa nkhomo m'manja, omugwira ndi anthu. Mafoni a Nokia 3310, amene anatuluka mu 2000, anali ndi kagemu kotchedwa Bantumi, kachibale ka bawo ngakhale kanali ka mizere iwiri yokha. M'kagemu kameneka malamulo anali m'foni. Foniyo ndiyo inkawerenga nkhomo, ndiyo inkakana kasunthidwe kosaloledwa, ndiyo inkasewera ngati mdani, ndipo pamapeto ndiyo inkalengeza wopambana. Apa ndi pamene pagona tanthauzo la gemu ya pamakina. Makina amasunga malamulo, amalandira chimene wosewera wachita, n'kumuyankha nthawi yomweyo.

Kuyankhana kumeneku ndiko kumalekanitsanso gemu ndi filimu, ngakhale zonse zimaoneka pagalasi limodzi. Munthu woonera filimu akhoza kukuwa mpaka mawu kusasa, kuchenjeza ngwazi kuti mdani ali kumbuyo, koma filimuyo idzatha mmene inajambulidwira. Wosewera gemu akangochotsa zala pamabatani, galimoto yake imagunda khoma, wosewera mpira wake amalandidwa mpira. Choncho gemu iliyonse imafuna zinthu zitatu: chogwirira, kaya ndi mabatani, padi kapena galasi lomva chala, pulogalamu yosunga malamulo, ndi njira yoonetsera wosewerayo zotsatira za zimene wachita.

Masewerawa anayamba kukhalapo dzina lisanapezeke. Mu 1958 katswiri wa sayansi William Higinbotham, wa pamalo ochitira kafukufuku a Brookhaven ku New York, analumikiza makina owerengera ku kagalasi koyezera kayendedwe ka magetsi, pofuna kusangalatsa alendo odzaona malowo. Pagalasipo pankaoneka kadontho kowala kodumpha ukonde uku ndi uku, ndipo masewerawo amadziwika ndi dzina lakuti Tennis for Two. Mu 1962 Steve Russell ndi anzake a pasukulu ya ukachenjede ya MIT analemba Spacewar! pa kompyuta ya PDP-1. M'menemo zombo ziwiri za m'mlengalenga zinkaomberana uku zikukokedwa ndi nyenyezi imene inali pakati. Nthawi imeneyo kompyuta inali chimakina chachikulu kuposa kabati, chodula moti chinkapezeka m'masukulu akuluakulu, m'boma ndi m'makampani olemera okha. Anthu odziwa za masewerawa anali ochepa, ndipo chinthu chodziwika ndi anthu ochepa sichifulumira kufuna dzina.

Dzina linafunika pamene malonda anayamba. Ralph Baer, injiniya wobadwira ku Germany amene anathawira ku America mu 1938, analemba mu 1966 ganizo lakuti wailesi ya kanema ya m'nyumba ikhoza kukhala bwalo la masewera. Iye ankawatchula kuti TV games, masewera a pawailesi ya kanema. Ganizo lakelo linabala kabokosi ka Magnavox Odyssey, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1972. Chaka chomwecho Nolan Bushnell ndi Ted Dabney anakhazikitsa kampani ya Atari, ndipo injiniya wawo Allan Alcorn anapanga Pong, gemu ya timizere tiwiri tobwezerana kampira. Anaiika m'malo omwera mowa ku Sunnyvale, m'chigawo cha California, m'bokosi lalitali loponyamo ndalama yachitsulo. Eni malo otere anali kale ndi makina ena odya ndalama, oimba nyimbo ndi ogubuduza timipira tachitsulo pansi pagalasi. Ogulitsa anafunika liwu losiyanitsa makina atsopanowa ndi akalewo, ndipo cha m'ma 1973 mawu akuti video game anayamba kuoneka m'magazini a zamalonda.

Liwu lakuti video ndi la Chilatini, ndipo limatanthauza "ndikuona". Akatswiri a wailesi ya kanema analitenga m'zaka za m'ma 1930 kuti litchule mbali ya zithunzi, monga mmene audio, "ndikumva", limatchulira mbali ya mawu. Poyamba tanthauzo lake m'masewera linali lopapatiza kwambiri. Kwa mainjiniya ngati Baer, video game inali makina otulutsa mtundu wa chizindikiro cha magetsi umene wailesi ya kanema imatha kusandutsa chithunzi. Mwa muyeso umenewo, Tennis for Two sinali video game, chifukwa kagalasi kake kanali ka chipangizo choyezera. Nkhaniyi siinali yongotsutsana pakamwa ayi. Kampani ya Magnavox inali ndi chilolezo chalamulo chogwiritsa ntchito luso la Baer, ndipo inatengera makampani ambiri kukhoti kuti aziilipira. Tanthauzo la liwu limodzi linali ndalama. Anthu wamba sanatsate malire amenewo. Kwa iwo chilichonse chosewera pagalasi chinakhala video game, ndipo tanthauzo lotakatali ndilo linakhazikika.

Ku Japan kunapambana dzina lofanana ndi la Baer. Kumeneko mpaka lero anthu amati terebi geemu, ndipo liwu lachiwirili limamveka pafupifupi ngati la Chichewa. Si kuti wina anatengera mnzake. Chijapani ndi Chichewa zonse sizikonda liwu lothera pa konsonanti, choncho zonse zinawonjezera u kumapeto kwa liwu lomwelo la Chingerezi. Japan ndiyonso inapatsa dziko magemu amene anatchukitsa malonda onsewa: Space Invaders ya kampani ya Taito mu 1978, ndi Pac-Man ya Namco mu 1980.

Panali nthawi imene dzina lakuti video game linanunkha. Mu 1983 msika wa magemu ku America unagwa. Makampani anali atachuluka, magemu osalongosoka anali atadzaza m'masitolo, ndipo ogula anatopa. Atari inakwirira katundu wake wosagulidwa m'dzala la zinyalala ku Alamogordo, m'chigawo cha New Mexico, ndipo ena mwa makatiriji a magemu amene anakwiriridwawo anafukulidwa mu 2014. Eni masitolo sankafunanso kumva za video game. Kampani ya Nintendo, imene inayamba mu 1889 ku Kyoto ngati yopanga makhadi osewerera, inali itatulutsa makina ake ku Japan mu 1983 pa dzina lakuti Family Computer, kompyuta ya banja. Pobwera nawo ku America mu 1985 inawapatsa dzina lakuti Nintendo Entertainment System, makina a zosangalatsa, n'kuwakonza kuti azioneka ngati chipangizo choonetsera matepi a filimu. M'dzina lonselo munalibe mawu odanidwa aja. Malonda atayenda bwino, makolo ambiri a ku America anayamba kutchula gemu iliyonse kuti Nintendo, ngakhale ya kampani ina, monga mmene kuno mankhwala alionse otsukira mano amakhalira Colgate ndipo sopo aliyense waufa amakhalira Surf.

Dzina lachiwiri, computer game, linakula kwambiri ku Ulaya. Ku Britain m'zaka za m'ma 1980 ana ambiri sankasewera pa kabokosi kolumikiza ku kanema kongosewerera, koma pa makompyuta aang'ono a m'nyumba monga ZX Spectrum ndi Commodore 64, onse a mu 1982, ndipo magemu ake ankabwera pa makaseti ofanana ndi a nyimbo. Kwa zaka zambiri anthu ankasiyanitsa: computer game ndi ya pakompyuta, video game ndi ya kabokosi ka pakanema kapena ya makina oponya ndalama. Lero malirewo afufutika ndithu, popeza gemu imodzi imatuluka pa zipangizo zonse.

Dzina lachitatu, electronic game, ndilo lotakata kuposa onse, chifukwa silifuna galasi. Chitsanzo chodziwika ndi Simon, chidole chozungulira cha mu 1978 chimene Baer yemwe uja anathandiza kupanga. Chili ndi mabatani anayi, lofiira, lobiriwira, lachikasu ndi labuluu. Chimayatsa mabataniwo motsatana, uku chikulira, ndipo wosewera ayenera kubwereza mndandandawo osaphonya. Palibe chithunzi, koma makina akusunga malamulo ndipo akuyankha. Alipo ngakhale magemu a mawu okhaokha, opangidwira makamaka anthu osaona, momwe wosewera amadziwa kumene kuli mdani pomvera mbali imene phokoso likuchokera. Magemu otere amaonetsa kuti liwu lakuti video, ngakhale ndilo lotchuka, silikhudza mtima wa nkhaniyi. Zilankhulo zina zinasankha mosiyanasiyana: Chifalansa chimati jeu vidéo, Chipwitikizi cha ku Portugal chimati videojogo, Chiswahili chimati mchezo wa video, pamene Chitchaina chimati dianzi youxi, masewera a zamagetsi.

M'Chichewa, kumasulira dzina la Chingerezi lakuti video game liwu ndi liwu kumasokoneza. Kwa Amalawi ambiri vidiyo ndi malo: kanyumba ka pamsika kotchinga nsalu pakhomo, ka mabenchi m'kati, sipika panja ndi chikwangwani cholengeza filimu ya tsikulo. Mwana wopita ku vidiyo akukaonera, sakukasewera. Mawu akuti masewera a pakanema nawo ali ndi vuto lawo, chifukwa munthu akawamva amaganiza za mpira wa ku England umene ukuonetsedwa Loweruka madzulo. Olemba ndi omasulira mabuku amakonda mawu akuti masewera a pakompyuta, ndipo papepala ndi omveka bwino. Koma ana ochuluka amene amasewera magemu m'dziko muno alibe kompyuta pakhomo. Yawo ndi foni ya makolo kapena ya achimwene awo. Kunena zoona foni yamakono ndi kompyuta ndithu, yokwana m'thumba, koma palibe amene amaitchula choncho pamsika. Ngakhale liwu lakuti masewera lili ndi mnzake wofanana naye, masewero, limene ena amatchulira mpira ndipo ena amatchulira zisudzo za pawailesi.

Mayina onsewa ali ndi chofooka chimodzi: amamangirira masewera ku chipangizo, pamene zipangizo zimasintha msanga kuposa chilankhulo. Liwu lakuti gemu linapambana m'kamwa mwa anthu chifukwa silitchula chipangizo chilichonse. Ndi lalifupi, ndipo linakwana bwino m'malamulo a Chichewa. Likakhala limodzi limayenda ngati foni kapena galimoto: gemu iyi, gemu yanga, gemu yovuta. Akachuluka amatenga ma: magemu awa, magemu anga, magemu ovuta. Limalandiranso zochepetsa ndi zokulitsa, kagemu, timagemu, chigemu. Liwu lobwereka limene lafika polandira ka ndi chi si mlendonso, lamanga nyumba pamudzi. Pofuna kumveketsa, anthu amangowonjezera malo: gemu ya pafoni, gemu ya pa PS (PlayStation), gemu ya pa laputopu.

Njira imene magemu anafikira anthu ambiri kuno ikufotokozanso chifukwa chake liwu lalifupili linakwanira. Kumayiko a azungu ndi ku Japan anthu anadutsa m'nyumba za makina oponya ndalama, kenako timabokosi ta pakanema, kenako mafoni. Kuno ambiri anayamba ndi kachidole ka m'manja koyendera mabatire, kogwetsa tinjerwa toyenera kusanjidwa m'mizere, kolembedwa pamwamba kuti muli magemu 9999 pamene enieni anali ochepa obwerezedwabwerezedwa. Tinjerwato tinali kutsanzira Tetris, gemu imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow chapakati pa zaka za m'ma 1980. Ena anayamba ndi kanjoka ka pa Nokia, Snake, kamene kanalowa m'mafoni a kampaniyo mu 1997. Kanjokako kankatalika nthawi iliyonse kakadya, mpaka kudziluma mchira. Pa zonsezi panalibe vidiyo, panalibe kompyuta yooneka ndi maso. Panali gemu basi.

M'matauni, malo amene liwuli limamveka kwambiri ndi tizipinda ta magemu ta m'misika ya ku Ndirande, Kawale, Chibavi ndi kwina kotero. M'katimo mumakhala kanema mmodzi kapena awiri, makina a PlayStation, mapadi otha mabatani ndi benchi. Wosewera amalipira pa gemu iliyonse kapena pa nthawi imene wakhala, ndipo kawirikawiri wogonja amapereka padi kwa wotsatira, wopambana n'kutsala pampando. Magetsi akazima, ntchito yaima. Kampani ya Sony inatulutsa PlayStation yoyamba ku Japan mu 1994, ndipo yachiwiri, ya mu 2000, inagulidwa yoposa 150 miliyoni padziko lonse, n'chifukwa chake makina akale a mtundu umenewu afika mpaka m'misika yakutali. Pano dzina la kampani lasandukanso dzina la chinthu. Anyamata amati akupita ku PS, ndipo amati akukamenya FIFA. Chochititsa chidwi n'chakuti gemu ya dzina limeneli, imene kampani ya Electronic Arts inayamba kutulutsa mu 1993, siitchedwanso FIFA. Mgwirizano wa kampaniyo ndi bungwe loyendetsa mpira padziko lonse unatha, ndipo kuyambira mu 2023 gemuyo ndi EA Sports FC. Osewera ambiri sanasinthe, kwa iwo ikadali FIFA. Mnzake wopikisana naye wa kampani ya Konami, amene ankadziwika kuti PES, anasintha dzina mu 2021 kukhala eFootball, ndipo nayenso ena akumutchulabe dzina lakale.

Mawu ena a m'magemu amadabwitsa akuluakulu akawamva koyamba. Mwana amafuula kuti, "Ndafa!" kapena, "Wanditsalira moyo umodzi," agogo n'kudzidzimuka. M'gemu, moyo ndi mwayi woyesanso, ndipo umawerengeka: miyoyo itatu, iwiri, umodzi. Mwambo umenewu unachokera ku makina oponya ndalama aja. Mwini makina ankafuna kuti wosewera asakhalitse pa ndalama imodzi, komanso asagonje msanga moti n'kukhumudwa osabweranso. Mwayi utatu unali pakatikati, ndipo ukatha pagalasi pankalembedwa kuti game over, kutanthauza kuti aponyenso ina kapena apatse mpata wina. Mawu ngati levulo, kutanthauza gawo limene munthu wafika, alowanso m'Chichewa cha ana popanda womasulira.

Vuto la liwu lalifupi n'lakuti limasenza katundu wambiri. M'Chichewa cha tsiku ndi tsiku gemu ndi mpiranso. Munthu akafunsa kuti gemu ya Bullets ndi Wanderers yatha bwanji, sakunena za foni. Achinyamata a m'tauni amatinso magemu ponena za zochitachita zosakira ndalama. Matanthauzo amenewa savuta, nkhani imene ikukambidwa imawamasulira yokha. Limene limafuna kusamala ndi tanthauzo lina, lokhudza juga.

Msokonezowu unayambira m'Chingerezi momwemo. Liwu lakuti gaming linkatanthauza kutchova juga zaka mazana ambiri magetsi asanabwere, ndipo makampani a juga amalikonda chifukwa limamveka lofatsa kuposa gambling. N'chifukwa chake bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, lokhazikitsidwa pansi pa lamulo la mu 2022, si loona za PlayStation kapena za kanjoka ka pafoni. Ntchito yake ndi kuyang'anira makasino, kubetcha ndi malotale, ndipo lamulo limaletsa aliyense wosakwana zaka 18 kuchita nawo zimenezi. Koma liwu lomwelo la gaming ndilo achinyamata padziko lonse amatchulira kusewera magemu wamba. Tsopano zinthu ziwirizi zakumana m'foni imodzi, ndipo zimaoneka mofanana.

Chitsanzo chodziwika ndi Aviator, imene anthu ambiri kuno amati kandege, yopangidwa ndi kampani ya Spribe. Pagalasi kandege kamanyamuka, nambala yochulukitsira ndalama imakwera, ndipo wobetcha ayenera kudina batani kandegeko kasanathawe. Pali zithunzi, pali batani, pali makina osunga malamulo. Mwa maonekedwe ndi gemu ndithu, ndipo anthu amaitchula choncho. Kusiyana kwake kuli pa zinthu ziwiri. Choyamba, wosewera amaikapo ndalama yeniyeni poyembekeza kulandira yochuluka. Chachiwiri, nthawi imene kandege kathawire imasankhidwa mwamwayi ndi makina, moti palibe luso limene munthu angaphunzire kuti aidziwiretu, ndipo masamu ake anakonzedwa kuti pakapita nthawi kampani izitsala ndi gawo lake. Wosewera mpira wa pa PS akachita khama mwezi wathunthu amakhala katswiri. Wosewera kandege akachita khama mwezi wathunthu mwayi wake umakhala womwewo. Pakhomo pamene mwana wanena kuti akusewera gemu, funso lothandiza si lakuti ndi gemu yanji, koma lakuti kodi ikufuna kuikamo ndalama kuti munthu awine ndalama. Chichewa chili nalo kale liwu la chinthu chotero, ndipo liwulo ndi juga. Olemba nkhani ndi owulutsa mawu amathandiza omvera akamaligwiritsa ntchito m'malo mobisa zonse pansi pa liwu lakuti gemu.

Malirewo nthawi zina amavuta ngakhale kwa opanga malamulo. Magemu ena wamba amagulitsa timabokosi tobisika. Wosewera amalipira ndalama yeniyeni osadziwa chimene chili m'kati, mwina wosewera mpira wotchuka, mwina chinthu chopanda ntchito. Mu 2018 bungwe loyang'anira juga ku Belgium linagamula kuti timabokosi totere, tikakhala togula, ndi juga, ndipo makampani ena anasiya kutigulitsa m'dzikomo. Mayiko ambiri sanatsatire, moti gemu yomweyo ikhoza kukhala ndi juga m'kati mwa lamulo la dziko lina, n'kukhala masewera wamba m'dziko loyandikana nalo.

Liwu lakuti gemu limapusitsanso m'njira ina: limamveka ngati zachibwana, zofanana ndi masanje, phada kapena chibisalirano. Magemu ambiri ndi a ana ndithu, koma ena anapangidwira akuluakulu okha. Nkhaniyi inabuka mwamphamvu ku America mu 1993, pamene nyumba ya malamulo ya Senate inaitanitsa makampani kuti adzayankhe za magemu okhetsa magazi monga Mortal Kombat. Chotsatira chake chinali bungwe la ESRB, lokhazikitsidwa mu 1994, limene limaika chizindikiro cha msinkhu pa magemu. Ku Ulaya kuyambira mu 2003 kuli dongosolo la PEGI, lokhala ndi manambala 3, 7, 12, 16 ndi 18, ndipo ku South Africa ntchito yotere ili m'manja mwa Film and Publication Board. Nambalayo siinena kuti gemu ndi yovuta kapena yosavuta. Imanena msinkhu woyenera kuona zimene zili m'katimo. Gemu yotchuka ya Grand Theft Auto V ili ndi 18, koma ikakopedwa pa kompyuta kapena kuikidwa m'makina a pamsika, chikuto chokhala ndi nambalayo sichifika kwa kholo. Mu 2011 khoti lalikulu la America linagamula kuti magemu ndi njira yofotokozera maganizo yotetezedwa ndi lamulo mofanana ndi mabuku ndi mafilimu. Chigamulo chimenechi chinawachotsa m'gulu la zidole n'kuwaika pamodzi ndi zaluso zina, zimene zina mwa izo n'zoyenera ana ndipo zina ayi.

Azaumoyo nawo analipatsa liwuli malo m'mabuku awo. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linavomereza mndandanda watsopano wa matenda, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo m'menemo muli vuto la kukodwa ndi magemu. Bungweli silinanene kuti kusewera magemu ndi matenda, ndiponso silinaike chiwerengero cha maola. Zizindikiro zake n'zakuti munthu sakuthanso kudziletsa, magemu atenga malo a zinthu zina zofunika pamoyo wake, ndipo akupitiriza ngakhale akuona kuti sukulu, ntchito kapena banja zikuwonongeka. Kawirikawiri izi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12 kuti dokotala atchule vutoli. Ndi gawo laling'ono la osewera limene limafika pamenepo, ndipo mwana wokonda gemu Loweruka masana sali m'gulu limeneli.

Tanthauzo laposachedwa kwambiri ndi la mpikisano. Mu Okutobala 1972 ophunzira a pa Stanford University anapikisana pa Spacewar!, ndipo mphotho inali kulandira magazini ya Rolling Stone kwa chaka chimodzi. Lero mipikisano yotere imatchedwa esports, ili ndi matimu, aphunzitsi ndi oonerera odzaza mabwalo, ndipo pa masewera a mayiko a ku Asia amene anachitikira ku Hangzhou mu 2023 opambana magemu analandira mamendulo owerengedwa pamodzi ndi a othamanga ndi osambira. Olankhula Chingerezi amatsutsana ngati game ingakhale sport, chifukwa chilankhulo chawo chili ndi mawu awiri. Chichewa chili ndi limodzi, masewera, lonyamula mpira, nkhonya, fulaye ndi bawo yomwe. Funsolo likafika m'Chichewa limasanduka lina, lakuti kodi awa ndi masewera olimbitsa thupi kapena a nzeru ndi changu cha manja. Bawo, dirafuti ndi chesi zili kale m'gulu lachiwirili, ndipo zimakhala ndi mipikisano ndi akatswiri ake popanda wina kutuluka thukuta. Wowulutsa nkhani za masewera akafika pa mpikisano wa mpira wa pa PS amangofunika kutchula kuti ndi gemu ya pamakina, kuti omvera asaganize kuti matimuwo analowadi m'bwalo la udzu.